Dzuwa, ufa woyera ndi madzi a Mukuvisi: mmene kuwala kumaphwanyira mankhwala amakani

Harare imamwa madzi amene yataya yokha. Mzinda uli kumtunda, nyanja ya Chivero ili kunsi kwake, ndipo mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imanyamula zotuluka m'nyumba ndi m'mafakitale a ku Graniteside, Workington, Southerton ndi Willowvale n'kutsikira nazo komweko. Kuchoka m'nyanjamo madzi amapopedwa kupita ku Morton Jaffray, malo oyeretsera madzi akumwa, kenako n'kubwerera m'mipopi ya ku Mbare, Mufakose ndi Rugare. Amene anaimapo m'mbali mwa Mukuvisi mu Okutobala, mvula isanagwe, akudziwa mtundu ndi fungo la madzi amene tikunenawa.

Malo oyeretsera suweji a Firle ndi Crowborough amadalira mabakiteriya. Tizilomboti timadya zonyansa za m'chimbudzi, mafuta ndi zotsala za chakudya, ndipo makina akamayenda bwino palibe njira ina yotchipa kuposa imeneyi. Koma alipo mankhwala amakani amene mabakiteriya amawalephera: utoto wonyikira nsalu, mankhwala opopera m'minda ya fodya ndi ya ndiwo, phenol wa m'mafakitale, zotsalira za mankhwala akuchipatala zimene thupi limatulutsa mu mkodzo. Palinso microcystin, poizoni wa ndere zina zimene zimaswana m'madzi odzaza ndi zonyansa. Mu Disembala 2024 a ZimParks, bungwe loyang'anira nyama zakutchire ku Zimbabwe, analengeza kuti zipembere zinayi zafa zitamwa madzi a mu Chivero okhala ndi ndere zoterezi. Malire amene bungwe la WHO linaika pa microcystin-LR m'madzi akumwa ndi 1 µg (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa lita, kachinthu kosaoneka ndi maso.

Makala osefera amakoka mankhwalawa, koma amangowasamutsa. Makalawo akakhuta mumakhala muli ndi chinyalala chapoizoni m'manja. Njira ya photocatalysis, yogwiritsa ntchito kuwala ndi ufa wapadera, siisefa, imaphwanya. Chitenje chikakhalitsa pachingwe chimasuluka chifukwa dzuwa limadula mamolekyu a utoto pang'onopang'ono. Apa timangowonjezera ufa umene umachititsa kuti ntchito ya miyezi ithe m'maola, ndiponso ifike kumapeto kwenikweni, potsala carbon dioxide, madzi ndi timchere basi.

Zimene zimachitika pa kanjere ka ufa

Ufawo ndi titanium dioxide, TiO2. Mu 1972 Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anaonetsa kuti TiO2 ikawalitsidwa ndi UV, kuwala kosaoneka ndi maso, imatha kugawa madzi, ndipo posakhalitsa ena anaona kuti mphamvu yomweyo ingawononge zoipitsa madzi.

Kuwala kumafika m'timagawo ta mphamvu totchedwa photon. Photon yamphamvu zokwanira ikagunda kanjere ka TiO2, imakankha elekitironi kuichotsa pamalo pake n'kusiyapo bowo la chaji ya pozitivi. Pa mtundu wa TiO2 wotchedwa anatase pamafunika photon ya mphamvu ya 3.2 eV, ndiye kuti kuwala kwa mafunde aafupi kuposa 387 nm (nm ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita), komwe ndi UV-A. Kuwala kofiira, kwachikasu kapena kobiriwira, ngakhale kuchuluke bwanji, sikungasunthe elekitironi ngakhale imodzi. Bowo lija likafika pakhungu la kanjere, limalanda elekitironi kwa madzi ndipo pamabadwa hydroxyl radical, kachidutswa kaukali ka molekyu ya madzi. Kaukali kake ndi 2.8 V, pamene klorini ndi 1.36 V ndipo ozone ndi 2.07 V. Sikasankha: kamaluma molekyu iliyonse ya kaboni imene kakumana nayo. Koma moyo wake ndi waufupi kwambiri, kachigawo kakang'onong'ono ka sekondi, choncho sikayenda mtunda. Chimene chikuphwanyidwa chiyenera kukhala chitamatirira pa kanjerepo kapena chili pafupi penipeni.

Nanga elekitironi ija? Okosijeni wosungunuka m'madzi ndiye amaitenga, n'kusanduka superoxide amene amathandizanso kuphwanya. Okosijeni akasowa, elekitironi imabwerera m'bowo mwake ndipo mphamvu ya photon imangotha ngati kutentha. Ngakhale zonse zili bwino, maelekitironi ambiri amabwerera chomwecho, n'chifukwa chake pa ma photon 100 ndi ochepa chabe amene amagwiradi ntchito.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuwala, ufa, okosijeni ndi mankhwala oti aphwanyidwe ziyenera kukumana malo amodzi nthawi imodzi. Reactor iliyonse, yaing'ono kapena yaikulu, ndi njira yokumanitsira zinayizi, ndipo ikalephera mungofufuza kuti chasowapo ndi chiti.

Ufa wake si uliwonse woyera

Anthu ambiri amagwa poyambirira pomwe. TiO2 ya mu penti yoyera ndi ya mtundu wina wotchedwa rutile, yokutidwa dala ndi alumina ndi silica kuti dzuwa lisaidzutse, apo ayi ikanadya pentiyo. Mukaithira m'madzi a utoto mudzadikira tsiku lonse osaona kanthu. Chimodzimodzi rutile wokumbidwa pansi, monga wa ku Kasiya kufupi ndi Lilongwe: ndi chuma chenicheni, koma njere zake n'zazikulu, ndipo asanalowe mu fakitale si katalisiti, ufa wofulumizitsa ntchitoyi.

Ufa umene ofufuza padziko lonse amayerekezera nawo zinthu zawo ndi P25, wopangidwa kale ndi Degussa, lero Evonik. Pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi anatase, otsalawo ndi rutile, njere zake ndi za 21 nm, ndipo galamu imodzi ili ndi khungu lokwana pafupifupi masikweya mita 50. Ndi wopepuka kwambiri, amauluka mukangotsegula chitini. Valani masiki poyeza, chifukwa fumbi la TiO2 lopumidwa lili m'gulu 2B la IARC, bungwe lofufuza za khansa, la zinthu zokayikiridwa kuti zingayambitse khansa.

Zinc oxide imagwiranso ntchito ndipo n'njotchipa, koma imasungunuka m'madzi a asidi, komanso kuwala komweko kumaidya n'kusiya zinc m'madzi. Cadmium sulfide imadzuka ndi kuwala wamba, koma kuthira cadmium m'madzi amene mukuti mukuyeretsa n'kusaganiza bwino. Za TiO2 yosakanizidwa ndi nitrogen, kapena carbon nitride ya 2.7 eV, zalembedwa zambiri chifukwa UV ndi magawo 4 kapena 5 okha pa 100 a mphamvu ya dzuwa. Ife timati yambani ndi P25. Zatsopanozi ziyambe zaiposa pa madzi enieni, osati pa madzi osungunulira utoto a mu labotale.

Reactor: nyali kapena dzuwa

Ya nyali yodziwika kwambiri ndi machubu awiri, china mkati mwa chinzake. Nyali imakhala pakati, madzi amayenda mu mpata wozungulira, wa sentimita imodzi kapena ziwiri. Nyali ya mercury ya 254 nm imafuna chubu cha quartz, pakuti galasi wamba limameza kuwala kumeneko konse. Ya 365 nm, kaya ndi chubu kaya LED, imadutsa bwino m'galasi la borosilicate. Ma LED alibe mercury ndipo amayaka nthawi yomweyo magetsi akabwera, chinthu chofunika mumzinda umene magetsi amazimazima, koma akatentha amafooka, choncho amafuna chitsulo cha aluminiyamu kumbuyo ndi fani. Nyali ya UV musaiyang'ane ndi maso. Kupweteka kumayamba patapita maola, usiku, ngati mwalowa mchenga m'maso.

Kuwonjezera nyali sikuti nthawi zonse kumawonjezera liwiro mofanana. Kuwala kukakhala kochepa, mukakuchulukitsa kawiri liwiro limakweranso kawiri. Kukachuluka, maelekitironi ndi mabowo amadzazana n'kumakumana okhaokha, moti kuwala kochuluka kanayi kumangopereka liwiro lowirikiza kawiri. Ndalama ya magetsi imapita, phindu osaoneka.

Pachifukwa chomwechi, reactor ya dzuwa siifuna magalasi ounjika kuwala. Imene inakhazikika, makamaka kudzera m'ntchito za ku Plataforma Solar de Almería ku Spain, ndi CPC: machubu a borosilicate a mamilimita 25 mpaka 50 m'mimba mwake, chilichonse chitagona m'ngalande ya aluminiyamu yopindidwa ngati chilembo cha W chozungulira. Aluminiyamu imabweza UV bwino kuposa kalilole wa siliva. Mpangidwewu suunjika kuwala, umangokuzunguliza chubu chonse, pansi ndi pamwamba, ndipo umalandira ngakhale UV womwazika wa tsiku la mitambo. Harare ili pa madigiri pafupifupi 18 kummwera kwa equator, choncho tebulo la machubu liyang'ane kumpoto, litapendekeka madigiri 18. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala thambo limakhala loyera, koma ndiyo nyengo ya fumbi ndi utsi wa lupsa. Machubu ndi aluminiyamu zipukutidwe ndi nsalu yofewa yonyowa, osati sitiliwulo, chifukwa zokala zimapha kunyezimira.

Madzi amachoka mu thanki, pampu imawakankha m'machubu, n'kubwerera mu thanki, kuzungulira mpaka ayere. Ayenera kuthamanga mokwanira kuti azivunduka. Akayenda mwaulesi, ufa umadikha pansi pa chubu n'kupanga mzere woyera, ndipo m'makona umatseka njira. Mapaipi olumikizira akhale a HDPE kapena polypropylene. Ufa wodzutsidwa ndi kuwala umadya labala ndi mapulasitiki ena pang'onopang'ono.

Muyeso wa ufa ndi wa mpweya

Ufa ukachepa, kuwala kumapyoza chubu n'kutuluka mbali inayo osagwidwa. Ukachuluka, njere za kunja zimatchinga zinzake, pakati pa chubu pamakhala mdima. Mu CPC ya machubu a masentimita angapo, muyeso wabwino umakhala pafupi ndi magalamu 0.2 pa lita. M'ma reactor a nyali a mpata wopapatiza umafika 0.5 mpaka 1. Lamulo lake n'lakuti njira ya kuwala ikatalika, ufa uchepe. Yesani 0.1, 0.2, 0.5 ndi 1 pa madzi anu omwe, muone pamene liwiro lasiya kukwera.

Za okosijeni anthu amaziiwala, ndiye tiwerengere limodzi. Molekyu imodzi ya phenol imafuna mamolekyu 7 a okosijeni kuti ithe. Pa kulemera, miligalamu imodzi ya phenol imadya mamiligalamu 2.4 a okosijeni. Madzi okhala ndi phenol wa 20 mg pa lita akufuna okosijeni wa 48 mg pa lita. Tsono madzi a madigiri 25 m'mphepete mwa nyanja yamchere amasunga pafupifupi 8.3 mg pa lita, ndipo kuno ku Harare, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, amasunga pafupi ndi 7 basi. Ndiye kuti okosijeni ayenera kubwezeretsedwa kangapo konse ntchito isanathe. Thanki isatsekedwe, madzi obwerera azigwa kuchokera pamwamba n'kuchita thovu, kapena muike kapampu ka mpweya konga ka m'thanki la nsomba. Madzi akatentha ndi dzuwa la masana okosijeni amathawanso, choncho thanki ikhale pamthunzi, machubu okha ndiwo akhale padzuwa.

pH, muyeso wa kuchuluka kwa asidi m'madzi, nayo ili ndi mawu. Khungu la P25 limakhala lopanda chaji pa pH yapakati pa 6 ndi 6.5. Pansi pa apo limakhala la pozitivi n'kumakoka utoto wa chaji ya negetivi, umene ndiwo wochuluka pa utoto wonyikira thonje. Pamwamba pa apo limakoka wa pozitivi monga methylene blue. Madzi ochokera konyikira nsalu amatuluka ndi soda wambiri, pH 10 kapena 11, moti ufa ndi utoto zimakankhana. Osatsitsa pH, liwiro limagwa ndipo munthu amaganiza kuti ufa ndi wabodza.

Kuyesa koyamba, ndi chinyengo cha mtundu

Musanagule machubu, yesani m'mabotolo a galasi la borosilicate. Sefani madzi, muyeze pH, muthire ufa, kenako mutakase mumdima kwa mphindi 30 mpaka 60. Gawo lamdimali n'lofunika: mankhwala ena amangomatirira pa ufa osaphwanyika, ndipo mukapanda kudikira mudzawerengera kumatiriraku ngati ntchito ya kuwala. Pambali pakhale botolo la kuwala popanda ufa, ndi lina la ufa lokutidwa ndi foyilo mpaka kumapeto. Tapani madzi pang'ono mphindi 10 kapena 15 zilizonse, muwasefe ndi sefa ya timabowo ta 0.22 µm musanayeze, chifukwa ufa wotsalamo umasokoneza makina oyezera kuwala.

Mankhwala akakhala ochepa, amatha mwa magawo, osati mwa kuchuluka kokhazikika. Ngati theka latha m'mphindi 20, kuti magawo 90 pa 100 athe padzafunika mphindi 66, ndipo kuti afike 99 padzafunika 133. Padzuwa musamawerenge nthawi yokha, pakuti ola la 9 koloko m'mawa si lofanana ndi la 12 koloko. Ikani kachipangizo koyezera UV-A kopendekeka mofanana ndi machubu, muziwerenga mphamvu imene lita iliyonse yalandira, mu kJ pa lita.

Tsopano chinyengo chachikulu. Madzi abuluu akayera mbee, aliyense amasangalala. Koma mtundu wa utoto umachokera ku kachigawo kamodzi ka molekyu. Mu utoto wa azo ndi mfundo yomanga ma nitrogen awiri. Ikangoduka mtundu umatha, koma zidutswa zotsala zikhoza kukhala aromatic amine, ndipo ena mwa amenewa amayambitsa khansa. Phenol nayenso amayamba wasanduka hydroquinone, catechol ndi benzoquinone, madzi n'kufiirira pang'ono, ndipo pa nthawi imeneyi akhoza kukhala oopsa kuposa poyamba. Kuzimitsa pampu mtundu utangotha ndi kutaya mumtsinje poizoni wosaoneka. Umboni weniweni ndi TOC, muyeso wa kaboni yense wotsala m'madzi, kapena COD, muyeso wa okosijeni wofunika kuti zonyansa zotsala zithe, kumene kulibe makina a TOC, ndipo umatsika mochedwa kwambiri kuposa mtundu. Powonjezera apo payesedwe ngati madziwo akupha tizamoyo ta m'madzi monga Daphnia.

Tichenjezenso za methylene blue, amene ophunzira amamukonda chifukwa amayezeka mosavuta pa 664 nm. Utoto umameza wokha kuwala kooneka n'kupatsira elekitironi ku TiO2, motero umasuluka ngakhale ufawo sunadzuke. Amene akuti ufa wake umagwira ntchito ndi kuwala wamba autsimikize pa chinthu chopanda mtundu ngati phenol.

Madzi enieni ali ndi alendo ambiri

Hydroxyl radical posasankha, chilichonse chili m'madzi chimamulanda. Bicarbonate ndi carbonate ndiwo akuba aakulu, ndipo amachuluka m'madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ina. Mchere wothira ponyika nsalu, umene umafika magalamu makumi angapo pa lita, umabweretsa chloride wopikisana ndi utoto pakhungu la ufa. Phosphate wa mu sopo ndi mu suweji amakakamira pakhungupo osachoka. Chitsulo ndi laimu zimakuta machubu ndi utoto wofiirira, umene umachoka pozungulitsa asidi wosungunulidwa m'madzi ambiri. Matope a nthawi ya mvula amatchinga kuwala asanafike n'komwe pa ufa. Choncho madzi ayambe adikha, asefedwe mumchenga, ndipo ngati ali ndi zonyansa zowola ziyambe zadyedwa ndi mabakiteriya. Kuwononga UV pa zinthu zimene mabakiteriya akanadya ulere ndi kutaya ndalama. Nthawi zina dongosolo limatembenuzidwa: ngati madzi ali ndi poizoni wopha mabakiteriya, kuwala kumayamba, kumaphwanya mpaka zidutswazo zitakhala zodyeka, kenako mabakiteriya amamaliza.

Ufa uyeneranso kuchotsedwa pomaliza. Njere za 21 nm sizidikha msanga zokha. Bweretsani pH kufupi ndi 6.5, chaji ithe, njere zigwirane, ndipo pakapita maola angapo zambiri zimakhala pansi. Zotsala zimagwidwa ndi sefa ya timabowo tating'ono kwambiri ya microfiltration. Ufa wotsukidwa umagwiritsidwanso ntchito. Ena amasankha kuumata pa mikanda ya galasi kapena pa matailosi kuti pasakhale zosefa. Amanyika chinthucho m'madzi a sol-gel, osakanizamo mankhwala a titanium, n'kuchiumitsa, n'kuchiwotcha pa madigiri 400 mpaka 500. Mukapyola 600 anatase imayamba kusanduka rutile ndipo mphamvu imatsika. Pa galasi wamba la mawindo, sodium amatuluka m'galasimo powotcha n'kulowa mu TiO2 n'kuifooketsa, pokhapokha pansi pake mutayamba mwaikapo silica. Ndipo ufa womatidwa nthawi zambiri umachedwa kuposa woyandama, chifukwa khungu lokumana ndi madzi lachepa.

Kodi zingayeretse Chivero?

Ayi, ndipo masamu ake ndi awa. Titenge UV wa 30 W pa sikweya mita, muyeso umene ofufuza amautenga ngati wa tsiku la dzuwa labwino, kwa maola 6. Zikupereka 648 kJ pa sikweya mita patsiku. Tingoyerekeza kuti madzi athu akufuna 20 kJ pa lita; madzi ena amafuna zochepa, ena zambiri. Sikweya mita imodzi iyeretsa malita 32 patsiku. Firle inamangidwa kuti izilandira malita 144 miliyoni patsiku, ndiye pangafunike machubu odzaza mahekitala oposa 440. Vuto la Chivero ndi la mapaipi a suweji ophulika ndi malo oyeretsera olemedwa, ndipo mankhwala ake ndi kukonza zimenezo.

Koma tembenuzani masamu omwewo. Malo onyikira nsalu otulutsa malita 300 patsiku akufuna masikweya mita 10, denga la shedi. Famu yotsuka mathanki opopera mankhwala, labotale, fakitale yaing'ono imene madzi ake akuigwetsera m'gulu lofiira pa malamulo a SI 6 ya 2007 a EMA, bungwe loyang'anira zachilengedwe, amene amaika madzi otayidwa m'magulu a buluu, obiriwira, achikasu ndi ofiira: apa ndi pamene njirayi ili ndi malo. Mankhwala agwidwe pomwe akutulukira, asanasakanikirane ndi mamiliyoni a malita a suweji.

Ngati madziwo ali olemera kwambiri, COD ya mamiligalamu mazana angapo pa lita kapena kuposa, TiO2 imachedwa ndipo photo-Fenton imaiposa m'machubu omwewo a CPC. Mumathira iron sulfate wa mamiligalamu makumi ochepa pa lita ndi hydrogen peroxide, pH itatsitsidwa kufika 2.8. Imagwiritsa ntchito kuwala mpaka cha m'ma 580 nm, choncho imapindula ndi gawo lalikulu la dzuwa. Peroxide athiridwe pang'onopang'ono, chifukwa akachuluka amayamba kudya ma radical omwewo. pH ikakwera kupyola 3 kapena 4 chitsulo chimagwa ngati matope ofiira ndipo ntchito imaima. Pomaliza mumakweza pH ndi laimu kapena soda, chitsulo chidikhe, ndipo musanatsegulire madziwo kupita ku mabakiteriya kapena ku ngalande, yezani ndi timapepala toyezera kuti peroxide watheratu, chifukwa wotsalayo amapha mabakiteriya komanso amakweza COD mwabodza.